Hita ya MG Midget siikufunda: kodi ndichotse paipi kuti izikoka mpweya wa ku injini?

Wowerenga wina wa ku Leeds walemba kuti: "Chaka chatha ndinagula MG Midget ya 1972, ya injini ya 1275cc. Nyengo yotentha ndinasangalala nayo, koma chisanu chitafika hita ikungotulutsa kampweya kofunda pang'ono, mapazi amachita kuuma. Mnzanga akuti ndichotse chipaipi chakuda chija chochokera kutsogolo pafupi ndi redieta, kuti hita izikoka mpweya wotentha kale wa m'boneti. Wina akuti ndiboole kuti izikoka mpweya wam'kati momwe timakhala. Nditsate ziti?"

Achimwene, ndiyambe ndi yankho lenileni kuti mulimve musanatope ndi kuwerenga. Paipi imeneyo musaichotse, ndipo hita yanu isakoke mpweya wa m'boneti ngakhale tsiku limodzi. Maganizo achiwiriwo ndi otheka, koma phindu lake ndi lochepa poyerekeza ndi ntchito yake. Komanso ndikukayika ngati vuto lanu lili polowera mpweya. Pa galimoto za mtundu umenewu zimene zadutsa m'manja mwanga, hita ikakana kufunda gwero limakhala madzi, masiponji amene anatha kalekale, kapena fani yozungulira chobwerera. Khomo la mpweya anthu amangolinamizira chifukwa ndi limene limaoneka msanga mukatsegula boneti.

Tiyambe taona mmene anaipangira. Midget inkapangidwa ku Abingdon, ku England, kuyambira 1961 mpaka 1979, ndipo hita yake ndi ya kampani ya Smiths. Ndi bokosi lachitsulo lokhala kumbuyo kwa injini, kutsogolo kwenikweni kwa batire. M'kati mwa bokosilo muli karedieta kakang'ono, amakaniko amati matrix, momwe mumadutsa madzi otentha ochokera ku injini. Mpweya umalowera kutsogolo kwa galimoto, pambali pa redieta, n'kuyenda m'chipaipi chija mpaka kukafika kubokosi. Pa galimoto zoyambirira fani inali payokha panjira ya paipiyo. Pa zotsatira anaiphatikiza kubokosi. Mpweya ukadutsa pa matrix umatsikira m'kati, kumapazi kudzera pa tizitseko tiwiri tokhala uku ndi uku kwa mtumbira wa giyabokosi, kapena kugalasi lakutsogolo mukatseka tizitsekoto.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikufuna muchione nokha. Pa injini yanu ya A-series, makabureta awiri a SU ndi manifold ya ekizosi (chitsulo chosonkhanitsa utsi potuluka mu injini) zili kumanzere kwa galimoto. Paipi ya mpweya anaidutsitsa kumanja. Amene anaipanga sanachite mwangozi: anaitalikitsa ndi utsi mmene akanathera, ndipo pakamwa pake anapaika kunja kwa chipinda cha injini. Mnzanuyo akufuna kuti mubwezeretse m'nyumba chimene akatswiri aja anachitulutsa dala.

M'boneti mwa galimoto ya zaka zoposa makumi asanu muli zambiri zimene simungafune kupuma. Muli nthunzi ya petulo yochokera m'makabureta, muli nthunzi ya oyilo yochokera ku mapaipi opumira a injini ndi oyilo wodonthera pazitsulo zotentha. Batire, amene ali pambali penipeni pa bokosi la hita, akamachajidwa amatulutsa hydrogen ndi kanthunzi ka asidi. Zambiri mwa izi mphuno ikhoza kukuchenjezani. Chimene chimandisowetsa mtendere ndi carbon monoxide, chifukwa alibe fungo, alibe mtundu, ndipo sakhosomoletsa.

Ife a kumudzi mpweya umenewu timaudziwa, ngakhale ambiri sitiutchula dzina lake. Ndi womwe uja umapha anthu amene alowetsa mbaula ya makala m'nyumba mu June n'kutseka zitseko ndi mawindo kuti afunde. Ukalowa m'mapapo umakakamira hemoglobin, chimene chimanyamula okosijeni m'magazi, mwamphamvu kuposa okosijeniyo nthawi zoposa 200. Munthu amayamba ndi mutu, kenako chizungulire, nseru ndi tulo. Taganizani tulo timeneto tikukupezani muli pa chiwongolero pa M1 usiku, denga lotseka, mawindo otseka, hita ili yoyatsa chifukwa kunja kukuzizira. Nthawi imene mumaifuna hita kwambiri ndi nthawi yomweyo imene galimoto imakhala yotsekeka kwambiri.

Midget ilibe catalytic converter, chipangizo cha mu ekizosi chochepetsa poizoni wa mu utsi, choncho utsi wake uli ndi poizoniyu wochuluka zedi. Kuti mumvetse kuchuluka kwake: pa MOT, mayeso a chaka ndi chaka a galimoto ku Britain, galimoto zimene zinayamba kuyenda pakati pa August 1975 ndi July 1986 zimaloledwa kutulutsa carbon monoxide wofika 4.5 peresenti injini ikungolira pamalo. Zimenezo ndi magawo 45,000 pa miliyoni. Pomwe alamu ya m'nyumba yotsata muyezo wa EN 50291 imayenera kulira pasanathe mphindi zitatu ikangomva magawo 300 pa miliyoni. Galimoto yanu ndi yakale kuposa za 1975 zija. Choncho sipafunika kuti paipi ya ekizosi ichite kuduka. Kamng'alu kochepa pa manifold, kapena gasketi yotopa polumikizira manifold ndi paipi yotsika, n'zokwanira. Ndipo malo olumikizira amenewo pa galimoto zimenezi amakonda kupumira. Dziwaninso kuti kuyambira May 2018 galimoto zambiri zopitirira zaka 40 sizikakamizidwanso kupita ku MOT, kutanthauza kuti mwina palibe wina amene akuyang'ana ekizosi yanu chaka ndi chaka kupatula inuyo.

Ndinalandirapo Sprite, mbale wake wa Midget, imene mwini wake ankadandaula za makabureta. Tikucheza anangotchula kuti akayenda ulendo wa ola limodzi amafika mutu ukuwawa, ndipo ankaganiza kuti ndi phokoso la galimotoyo. Nditatsegula boneti ndinapeza kuti paipi ya mpweya kulibe, mwini wake wakale anaichotsa, pakamwa pa fani pali pululu. Pa manifold panali kamzere ka mwaye wakuda posonyeza pomwe utsi unkathawira. Bambo ameneyo ankatenga mdzukulu wake pa galimotoyo Lamlungu lililonse. Tsiku limenelo sindinalole kuti galimoto ichoke pagalaja paipi isanabwerere, ndipo mpaka lero nkhani imeneyi ndikaikumbukira mtima umandigunda.

Palinso moto. Khoma lachitsulo lolekanitsa injini ndi mokhala anthu ntchito yake ina ndi kukupatsani nthawi yoti muime n'kutuluka petulo akayaka. Hita yotsegukira m'boneti ndi khomo lolowetsa utsi wa motowo kumapazi kwanu, fani ikuthandizira.

Chodandaulitsa n'chakuti ngakhale kufunda kumene mukukufunako simungakupeze kwenikweni. M'chisanu, galimoto ikuthamanga, mpweya wa m'boneti sutentha mmene umamvekera mukatsegula boneti galimoto itaima. Ndiponso mutaya chinthu china chofunika. Paipi yoyang'ana kutsogolo imalandira mpweya wokankhidwa ndi liwiro la galimoto, ndipo pamsewu waukulu mpweya umenewo umathandiza kwambiri kafani kofooka ka Smiths. Mpweya wabwino ukamalowa mokankhidwa chotero umachepetsa mphamvu imene galimoto ya denga la nsalu imayamwira mpweya woipa kudzera m'mabowo ena onse. Mukaichotsa paipiyo, mpweya wolowa umachepa ndipo wotsalawo ndi woipa.

Tsopano tibwere ku chimene chikukuzizirani mapazi. Yambani ndi kampopi kamkuwa kamene kali kumbuyo kwa cylinder head, mutu wa injini. Pa Midget yanu madzi opita ku hita satsegulidwa muli m'kati; mumayenera kutsegula boneti n'kupotokola kampopiko ndi dzanja. Eni ake ambiri amakatseka nyengo yotentha. Ngati munagula galimotoyo nthawi imeneyo, n'kutheka kuti n'kotseka kapena kotseguka theka. Nthawi zina chogwirira chimazungulira bwinobwino koma m'kati mwadzaza dzimbiri ndi zokakamira za madzi moti pongodutsa madzi ndi pang'ono ngati diso la singano.

Yendetsani galimoto mpaka injini itenthe bwino, muime, mugwire mosamala mapaipi awiri a labala a hita, wolowa ndi wotuluka. Onse akakhala ozizira kapena ofunda pang'ono, madzi sakufika: kampopi, mpweya wotsekeredwa m'mapaipi, kapena injini yeniyeniyo siikutentha. Wina akatentha kwambiri wina n'kukhala wozizira, matrix yatsekeka. Onse akatentha moti simungawagwire nthawi yaitali koma m'kati mukuzizirabe, ndiye kuti vuto lili kumbali ya mpweya.

Za injini yosatentha: yang'anani thermostat, kachipangizo kotsekera madzi opita ku redieta mpaka injini itatentha. Ya 82°C ndiyo yokhazikika, ya 74°C inali ya maiko otentha, ya 88°C ya maiko ozizira. Ndapezapo galimoto zambiri zili ndi ya 74, zina zilibe n'komwe chifukwa wina anaichotsa pothana ndi kutentha kwa injini m'malo motsuka redieta. Kwathu chizolowezi chochotsa thermostat n'chofala ndipo ena timabwera nacho kuno, koma ku Yorkshire mu January injini yopanda thermostat siifika pa kutentha kwake, imamwa petulo wambiri ndipo imatha msanga. Ngati redieta yanu ili bwino, ya 88 m'chisanu idzakupatsani kufunda koonjezera, pa mtengo wochepa kwambiri.

Matrix yotsekeka itsukeni ndi paipi ya madzi a kumpopi, molowetsa madzi kumene amatulukira kuti zinyalala zibwerere njira imene zinadzera. Tsegulani mpopi pang'onopang'ono. Madzi a m'galimoto imeneyi sapitirira 15 psi, pomwe a m'nyumba akhoza kukhala ndi mphamvu yoposa pamenepo katatu, ndipo matrix yakale yowotcherera ndi mtovu ikhoza kuphulika. Mukamathiranso madzi kumbukirani kuti hita ili pamwamba, ndiye mpweya umakonda kubisala m'menemo. Masulani pang'ono paipi yotuluka mpaka madzi ayambe kutuluka opanda thovu. Antifreeze gwiritsani wachikale wabuluu uja, wogwirizana ndi mkuwa ndi mtovu, ndipo muzimusintha pakatha zaka ziwiri. Mukamva kafungo kotsekemera m'kati, kapena galasi likamachita ngati lapakidwa mafuta, matrix ikudontha, igulidwe ina.

Pamene ndimapeza vuto kawirikawiri ndi m'kati mwa bokosi. Chivundikiro chake chimagwidwa ndi tizitsulo tongokanikiza, sichivuta kutsegula. Kuzungulira matrix kumayenera kukhala siponji yotseka mipata yonse kuti mpweya usakhale ndi njira ina koma kudutsa pakati pa timapepala tachitsulo totentha. Siponji ya 1972 lero ndi fumbi. Mpweya, monga madzi, umatsata njira yosavuta: umalambalala matrix n'kukafika kumapazi kwanu uli wozizira monga unalowera. Mudzapezanso masamba ouma, nthenga, mwinanso chisa cha mbewa ngati galimotoyo inakhalitsa m'galaja. Tsukani, pentani, ikani siponji yatsopano yosamwa madzi, ndipo musaiwale ya pansi pa bokosi pomwe limakhudzana ndi thupi la galimoto. Imeneyo ikatha, mpweya wofunda umathawira m'boneti ndipo wa m'boneti umapeza polowera.

Fani nayo iyeseni. Ndi ya mtundu wozungulira ngati gudumu, ndipo fani yotere ikamazungulira chobwerera imaombabe mpweya mbali yomweyo, kungoti mofooka kwambiri, moti munthu sazindikira kuti china chalakwika. Ngati mota yake ili ndi mawaya awiri otuluka, asinthanitseni mumve kusiyana kwake ndi dzanja kugalasi. Mota za maginito zimatembenuka mukatero. Ndaonapo mwini galimoto akudabwa kuti zaka zonsezo ankayenda ndi theka la mphamvu ya hita yake chifukwa cha mawaya awiri amene wina anawalumikiza mosemphanitsa.

Mukachita zonsezi ndikukhulupirira kuti nkhani yoboola mudzaisiya. Koma poti mwafunsa, ndiifotokoze mwachilungamo. Kukoka mpweya wam'kati kuli ndi nzeru yake: magalimoto amakono ali ndi batani lochitira zimenezo, ndipo kumathandiza pamzere wa magalimoto pomwe pakamwa pa paipi yanu, potsika chonchija, payang'anizana ndi ekizosi ya galimoto yakutsogolo. Komabe tiyeni tiwerengere. Tinene kuti madzi ali pa 80°C ndipo matrix imakweza mpweya kufika theka la mtunda wa pakati pa kutentha kwake ndi kwa madziwo. Mpweya wakunja wa 2°C utuluka uli pa 41°C. Wam'kati wa 15°C utuluka uli pafupifupi pa 47°C. Mwapindula madigiri asanu ndi limodzi, koma mwataya kukankha kwa liwiro kuja, ndipo zonse zatsamira pa kafani.

Walira mvula walira matope. Matope ake apa ndi nthunzi pagalasi. Mpweya wa 0°C sungasunge madzi opitirira magalamu 5 pa kiyubiki mita imodzi, pomwe wa 20°C umasunga mpaka magalamu 17. N'chifukwa chake mpweya wakunja, ngakhale kukugwa mvula, ukatenthetsedwa umakhala wouma ndipo umayamwa chinyezi pagalasi. Wam'kati uli ndi mpweya wa m'kamwa mwa anthu awiri, majasi onyowa ndi makapeti amene amwa madzi odontha padenga. Mukamauzunguza womwewo n'kumaupemerera pagalasi lozizira, posakhalitsa simudzaona msewu. Midget ilibe air conditioning yoti iumitse mpweyawo monga zimachitikira m'galimoto zamakono.

Ngati mwatsimikizabe, pali zinthu zimene sindingagonje nazo. Paipi yakutsogolo ikhalebe. Muike cholumikizira cha nthambi ziwiri chokhala ndi kachitseko kosankhira, kuti mpweya wakunja uzipezeka nthawi iliyonse mwa kungokoka waya muli pampando. Kumbukirani kuti paipi yochokera m'kati kupita ku fani idzadutsa m'boneti ndipo ndi paipi yoyamwa: kabowo kalikonse pa iyo kadzakoka mpweya wa ku injini, ndiye mwabwerera ku ngozi ija mosadziwa. Choncho ikhale paipi yolimba yopirira kutentha, yomangidwa ndi zomangira zachitsulo mbali zonse, pobowola paikidwe mlomo wachitsulo ndi gasketi, osati selotepi. Ena amaona chivundikiro chimene chili pamwamba pa malo a mapazi a wokwera, chotseka pomwe pamakhala mapedulo pa galimoto za chiwongolero chakumanzere, n'kuganiza zoboola chimenecho kuti asawononge thupi la galimoto. Maganizowo ndi abwino pa nkhani yosunga galimoto, koma pa yanu chivundikirocho chili kumanzere, mbali ya manifold, ndipo ine sindingadutsitse paipi yoyamwa kumeneko. Mukasintha chilichonse, adziwitseninso a inshuwalansi.

Pa vuto la utsi wa pamzere wa magalimoto, Midget ili kale ndi yankho: kachitseko kotseka mpweya polowera ku hita, kolamulidwa ndi chokokera cha pa dashibodi. Onetsetsani kuti waya wake ukuyenda ndipo kachitseko kakutseka kwathunthu. Mukaima kumbuyo kwa basi tsekani ndi kuzimitsa fani, msewu ukatseguka tsegulaninso.

Kusintha kumene ndingakulimbikitseni pa polowera mpweya ndi kochepa koma kwaphindu. Gulani paipi yatsopano. Yezani kaye pakamwa chifukwa kukula kwake kumasiyana ndi chaka, pakati pa mainchesi atatu ndi anayi. Yakale imang'ambika pansi pomwe simuona, ndipo paipi yong'ambika n'chimodzimodzi ndi yochotsa. Iyalidwe mosapindika kwambiri, isakhudze chilichonse chozungulira kapena chotentha. Kutsogolo ikani waya wa mauna otakasuka woletsa masamba ndi mbewa. Musaike sefa yothinana kapena nsalu, kafaniko kalibe mphamvu yokoka mpweya kudutsa pamenepo. Amene amagulitsa zipangizo za MG alinso ndi mota zamphamvu zokhala ndi fani yokulirapo komanso matrix ya timapepala tochuluka. Zimenezi zimathandizadi, bola masiponji akhale kuti mwakonza kale, ndipo waya ndi fyuzi zikhale zolingana ndi mota yatsopanoyo.

Tihita tamagetsi tolumikiza ku 12 volts musataye nato ndalama. Ka 150 watts kamakoka ma amp oposa 12. Ngati yanu ikadali ndi dynamo (chopangira magetsi) ya Lucas C40, mphamvu yake yonse ndi ma amp 22, ndipo usiku wa mvula magetsi, mawaipa ndi fani zatenga kale gawo lalikulu. Kutentha kumene kahitako kangakupatseni n'kochepa kwambiri poyerekeza ndi kumene kuli m'madzi a injini kwaulere.

Mbali ina ya nkhondoyi ndi kusunga kufunda kumene mwapeza. Usiku, ikani tochi yowala m'boneti, inu mugone chagada kumapazi n'kuyang'ana. Paliponse pamene kuwala kukudutsa, pa mawaya, pa chingwe cha spidomita, pa chiwongolero, pa chivundikiro chija, ndi khomo la mphepo yozizira komanso la utsi. Tsekani ndi tizilabala toyenera. Onaninso chikopa cha pa giya, malabala a zitseko, ndi pomwe denga limakumana ndi galasi lakutsogolo. Labala wa chitseko cha buti akatha, utsi wa kumbuyo umayamwidwira m'kati galimoto ikuyenda.

Chomaliza chimene ndikupempha, kaya musintha kanthu kaya ayi: gulani alamu ya carbon monoxide yoonetsa manambala, ya muyezo wa EN 50291-2 umene unapangidwira makaravani ndi maboti, osati yongolira. Alamu yongolira ikamva magawo 50 pa miliyoni imadikira ola lathunthu kapena kuposerapo isanalire, pomwe ya manambala imakuonetsani msanga. Imangirireni pakati pa mipando, pafupi ndi msinkhu wa mutu wanu. Mukamaliza kukonza hita, yendani nayo denga lotseka, fani yoyatsa, mphindi makumi atatu, pamsewu wothamanga komanso pamzere wa m'tauni. Pamsewu wopanda magalimoto ena nambala iyenera kukhala pa ziro kapena pafupi napo. Ikayamba kukwera, tsitsani mawindo nthawi yomweyo, muime pamalo abwino, ndipo galimotoyo isanyamulenso munthu mpaka mutapeza pomwe utsi ukuthawira, kuyambira pa manifold mpaka kumchira.